Dyton Sadwala Shuga

Mudzi wa Kambalame,
Nzama, Ntcheu.
9 Juni 2024.

Okondedwa alamu a Maynard,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi mayi kunyumba ndi ana onse. Kodi mwendo unkakuvutani nthawi ya maliro uja unasiya kutupa? Tikumva kuti ku Joniko kuzizira kwafika poipa. Kunonso chisanu chayamba msanga. Ine ndilipo. Chimanga tinakolola, ngakhale munda wakumtunda sindinaulime wonse chaka chino.

Kamakina koyezera shuga munatumizira Dyton kaja kanafika. Zikomo kwambiri. Kakadali m'bokosi mwake. N'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni ndikanangothokoza n'kudula.

Alamu, mwana wa mlongo wanu sadwala shuga. Bodza limeneli mwini wake ndine.

Mukukumbukira kuti miyezi yomaliza ija madokotala anawasiyitsa malemu mlongo wanu a Selestina mapiritsi a shuga n'kuwayambitsa jakisoni. Ndinkawabaya ndine m'mawa uliwonse. Masingano ankachepa m'kabati. Ndikafunsa, ankati ataya ndi iwowo, mutu sukugwira. Ndinkakhulupirira.

Patatha milungu itatu chiwaikireni m'manda, ndinapita kudimba masana kukatsegulira madzi. Ndinapeza Dyton atakhala kuseri kwa nthochi, atamanga lamba pamkono, singano ya amayi ake ili m'manja.

Sindinakuwe. Ndinakhala pansi pambali pake mpaka nzeru zitamubwerera. Anandiuza kuti anayamba kudzibaya mankhwala ozunguza bongo ku Limbe, zaka ziwiri zapitazo, nthawi imene ankaperekeza malole a mbatatesi kuchokera ku Lizulu. Anzake anamuuza kuti amachotsa kutopa. Anati amayi ake ankadziwa, ndipo anamulonjeza kuti amalume ake sadzamva. Malaya a manja aatali munamuona nawo pamaliro, dzuwa lonse lija, ankabisa zilonda.

Mu Disembala chithupsa cha pamkono chinakula, thupi lonse linatentha, mpaka anatitumiza kuchipatala ku Blantyre. Kumeneko namwino wina anatiuza za kafukufuku wa anthu odzibaya. Anafotokoza kuti munthu wotere asilikali ake a m'thupi amakhala pankhondo osapuma, mpaka amatopa, n'chifukwa chake zilonda sizipola msanga. Akufuna aone ngati mankhwala akale a shuga, otchedwa metifomini, angawabwezere mphamvu. Anatsindika kuti iwonso sakudziwa ngati zitheke, komanso kuti si mankhwala othetsa chibaba. Anatinso ena amalandira mankhwala enieni, ena mapiritsi ofanana nawo koma opanda mankhwala m'kati, ndipo palibe amene amauzidwa, ngakhale namwinoyo.

Nditamva dzina la mankhwalawo ndinatuluka kaye panja. Zaka khumi ndi chimodzi ndinakhala ndikuwerengera mlongo wanu mapiritsi amenewo m'dzanja.

Dyton anavomera yekha. A kafukufukuwo anafuna wachibale wokhala naye nyumba imodzi, woona kuti wamwa ndi kumuperekeza ku Blantyre mwezi ndi mwezi. Ndinasaina ine. Anayamba mu Januwale, ndipo kafukufukuyo ndi wa chaka chimodzi.

Tsiku lina a Lufina, mlongo wanu wamng'ono, anabwera kudzabwereka sefa. Anaona pepala la kuchipatala patebulo, n'kuwerenga dzina la mankhwala lija. Mukudziwa kuti iwonso amamwa omwewo. Anagwira kumutu n'kuyamba kulira, amvekere shuga yatsata mwana wa akulu awo. Ndinangokhala chete, alamu. Chete ameneyo anasanduka inde, ndipo pofika Lamulungu tchalitchi chonse chinali chitamva.

Zinandipepukira, sindibisa. Anthu amene ankamunena kuti waonda ndi mowa anayamba kumumvera chisoni. Amayi a m'mudzi ankamubweretsera mgaiwa ndi masamba a nimu. A Lufina anabwera kudzatenga shuga yense wa m'nyumba mwanga, ati mkamwini ndi wofewa mtima, amupha mwanayu ndi tiyi. Dyton ankaseka, n'kumati palibe munthu wina m'Ntcheu muno amene akusala zakudya chifukwa cha matenda a eni ake.

Mwezi wathawu mapiritsi a a Lufina anatha, ndipo kumene amalandira anawauza kuti adzabwerenso sabata yamawa. Ife tili kudimba, analowa m'nyumba n'kutapa mapiritsi makumi awiri m'botolo la Dyton. Kwa iwo sikunali kuba. Ndi nyumba ya akulu awo, ndipo ankadziwa kuti matenda ndi amodzi.

Ine nditawerenga ndinapeza aperewera. Ndinaganiza kuti Dyton wagulitsa. Ndinamulankhula mawu amene sindingawalembe pano. Iye anangonyamula khasu.

Patapita masiku asanu ndi anayi a Lufina anagwa kuchigayo. Anali atayamba ludzu losatha ndi kuona mwachimbuuzi, koma sanauze munthu. Kuchipatala anapeza shuga itakwera kwambiri. Nditapita kukawazonda, anandiuza moseka kuti mapiritsi a mwana wanga ndi ofooka, akawasinthe. Apo m'pamene ndinamvetsa. Ndinauza adokotala zonse, kenako ndinauza iwo, ali chigonere pabedi.

Pano ali bwino, anatuluka ndipo akuyenda. Koma akanafa, alamu, akanafa ndi kukhala chete kwanga. Ndikupempha kuti kamakina kaja, mukalola, kapite kwa iwo.

Sakundilankhula. Anauza ankhoswe kuti m'mudzi mwa eni simungakhale mkamwini wobisa zinthu zotere, ndipo Ogasiti womanga chiliza uja watalika, mundisudzule ngakhale mawa. Sindiwaimba mlandu. Ndikudziwa kuti akuimbirani, mwinanso akuimbirani kale. Ndinafuna mumvenso kuchokera kwa ine.

Dyton atamva za amayi ake aang'onowo anati ndiye kuti iye akumeza choko, mapiritsi opanda mankhwala aja, bola asiye. Namwino anamuuza kuti nkhani ya munthu mmodzi singasonyeze zimenezo, ndipo ali ndi ufulu wosiya tsiku lililonse popanda womukalipira. Tili m'minibasi pobwerera ndinamupepesa chifukwa cha mawu aja. Titafika pa Balaka anati apitiriza, koma osati chifukwa cha madokotala. Anati amamwa chifukwa m'mawa uliwonse pamakhala munthu woima ndi kapu ya madzi amene sachoka mpaka iye atameza, ndipo anandifunsa kuti, bambo, mukapita kwanu, aziima pamenepo ndani?

Yankho lake lili ndi inu.

Sindikunamizani kuti wachira. Sanasiyiretu. Kale ankadzibaya katatu patsiku. Tsopano amatha milungu osagwira singano, koma kuyambira Pasaka wagwa kawiri, ndipo kawiri konseko anandiuza yekha. Zilonda zapola, kwatsala zipsera. Kaya ndi mapiritsiwo, kaya ndi uphungu ndi kutsukidwa mabala kumene amalandira kumeneko, kaya ndi kudya pa nthawi yake, ine sindidziwa. Wadzala anyezi mabedi asanu ndi limodzi, ndipo amathirira yekha.

Mwambo ndikuudziwa ndipo sindikuutsutsa. Mukabwera mu Ogasiti kudzamanga chiliza, mudzandisudzula, ndipo ndidzabwerera kwathu ku Kasinje. Zaka makumi atatu ndakhala m'mudzi muno, simunandiyesepo mlendo. Nyumba, munda ndi dimba ndi zanu ndi za ana, sindikufuna kanthu. Mbumba ndi yanu, ndipo Dyton sindingamutenge popanda mawu anu. Ngakhale mutalola, kwathuko alibe dimba, alibe chogwira, ndipo manja ake akasowa chochita ndimadziwa kumene amapita.

Pempho langa ndi limodzi. Chiliza timange mu Ogasiti monga tinapanganirana, koma kusudzula kudikire mpaka Januwale, amalize chaka chake. Ngati a Lufina sakufuna kundiona, ndizidzera njira ya kudimba, ndipo kutchalitchi ndizikhala kumbuyo. Nkhani ya kubisa ija ndidzaipepesa pamaso pa mbumba yonse, mukadzandipatsa mpata.

Mukakana, sindidzalimbana nanu. Koma sankhani munthu msanga, mumutumize kwa ine mwezi uno ndimuphunzitse. Adziwe kuti mapiritsi amamwa atadya, osati m'mimba muli mwayekha. Botolo lizikhala lokhomeredwa. Akaona kuti wavala malaya a manja aatali kukutentha, asamufunse pagulu, adikire ali awiri. Akagwa, asamuthamangitse, chifukwa tsiku limenelo ndi limene amafunika munthu kuposa masiku onse. Ndipo akhale munthu wotha kuima ndi kapu ya madzi osalankhula kanthu.

Dyton akudziwa kuti ndikulemba kalatayi. Ndinamufunsa ngati pali choti ndichotsemo. Anati ndilembe zonse, watopa kudwala matenda a amayi ake, akufuna amalume ake amudziwe ndi ake enieni. Wati akuopa kukuimbirani, koma mukaimba inu ayankha.

Mundiperekere moni kwa mayi kunyumba ndi kwa ana. Mwana wathu Sibongile ndi amuna ake akupereka moni kuchokera ku Dedza. Iyenso ndimuuza sabata ino, pamaso. Ambuye akusungeni pa ntchito yanu, ndipo akutsogolereni pa zimene muti mugamule.

Ndidikira yankho lanu.

Ine mlamu wanu,
Nathan Kadzakumanja