Kamlonda kanga sikanakuwe

Akazanga,

Pepani, ndathawa tiyi ali patebulo. Mayi aja oweta nkhuku aimba foni akulira. Mazira mazana atatu ali m'makina ofungatira akhala akutentha mopitirira kuyambira dzulo, koma pulogalamu imene ndinawalembera sinalize belu.

Wolakwa ndine. Kutentha, chinyezi ndi nthawi yotembenuza mazira ndinaziika m'gulu limodzi, n'kulemba kamlonda koti kazikuwa wina akasintha gululo. Ndiye amuna awo anangosintha kutentha kokha, m'kati. Kamlonda kanaona gulu lili pamalo pake, n'kukhala duu. Ndikukaika mlonda pa chinthu chilichonse pachokha, mwina ena tingawapulumutse.

Musazimitse kompyuta, ikutumiza mafayilo. Mwana ndamumwetsa kale mankhwala a chifuwa, musamuwonjezere.

Pomanga nsapato ndaganiza kuti kamlondako kanatengera ine. Ndikaona kuti banja lilipo, basi, mtima m'malo. Koma inu munasiya kuimba mukamachapa, ndipo sindikudziwa n'komwe kuti munasiya liti. Ndikabwera foni ndizimitsa, mundiuze.

Ndine amuna anu, mlonda wogona uja.