Galu wa Amayi Sadzaswanso

12 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka, kungoti ine thupi lonse lili ngati andipuntha. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumangoti, "Ndili pa ntchito, ndikuyimbiranso," ndipo kuyimbako tikudikirabe.

Nkhani ndi ya Dona, galu amene anatisiyira malemu Amayi. Chichokereni inu waswa kasanu. Ulendo wathawu anaswera m'kabati ya nsapato ana asanu ndi anayi, awiri n'kufa, iye n'kukhala masiku atatu osadzuka. Wokolopa ndine, wowamwetsa mkaka ndi supuni ndine, kukacha ndikaimirirenso tsiku lonse kusitolo. Dokotala wa ziweto anandiuza mosapsatira kuti akatenganso bere sapulumuka, timutseketse basi. Lamulo lake linali limodzi: galu asadye kanthu kuyambira madzulo, apo ayi mankhwala ogonetsa akhoza kumupha.

Ndinapempha tsiku kuntchito. Titafika, Dona anasanza buledi pakhomo penipeni pa dokotala, dokotalayo n'kutibweza. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi, koma anali mazira. Ndinakalipira aliyense, mpaka mayi woyandikana nafe amene sanalakwe kanthu. Ulendo wachitatu ndinabisa mbale yake, n'kumutsekera m'bafa. M'mawa ndikutuluka kuchipinda ndinapeza Bambo atagwada, ndi maondo awo owawa aja, akulowetsa tizidutswa ta buledi pansi pa chitseko.

"Bambo, mukufuna afe?"

"Iyayi mwanawe, amalira njala."

"Katatu konse?"

Anakhala pansi pomwepo, buledi ali m'manja. Kenako anati, "Ukamutseketsa, kuno kuzibwera ndani?"

Dona akaswa, pakhomo pano pamakhala piringupiringu. Anthu amabwera kudzasankha tiana, Bambo amavala jekete n'kumawafunsa ngati akukwatitsa mwana: muli ndi mpanda? Ana anu sagenda agalu? Amawaphikira tiyi, macheza mpaka dzuwa kupendeka. Tiana tikatha, geti limakhala miyezi popanda woligogoda. Anzawo a Amayi anasiya kalekale kubwera, ndipo ine ndimachoka m'mawa n'kubwera ndili wefuwefu, wopanda ndi nkhani yomwe. Zaka zonsezi ndinkangoona zokolopa, zinazi sindinkaziona.

Komabe ndinachita, ndipo ndi zimene ndikufuna kukuululirani. Lachiwiri lapitali ndinawanamiza Bambo kuti ndikukamusambitsa Dona mankhwala a nkhupakupa. Ndinakamugoneka kwa mnzanga wa kuntchito, m'mawa mwake dokotala anamuchita opaleshoni. Ali bwino. Amuveka chipulasitiki m'khosi kuti asanyambite bala, ndiye akungogunda nacho mipando. Bambo anaona ulusi pamimba pake, anamusisita kumutu, osandifunsa kanthu. Bola akanandikalipira. Kuyambira tsikulo amangondiyankha "eya" ndi "ayi", jekete lija alipinda n'kuliika m'sutikesi.

Mwina munena kuti ndinalakwa. Nenani, koma mudzanenere kuno. Galu ndamupulumutsa, koma Bambo ndawalanda alendo awo, ndipo ndilibe chowabwezera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wangawu watopa zedi. Sindikupempha katundu ayi. Mabulangete munatumiza aja anafika, ndi abwino, kungoti sayankhula.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato zija zinandikwana. Ana muwapsompsonere, makamaka wamng'onoyo amene timangomudziwira pa zithunzi. Mayi woyandikana nafe akupereka moni, tinakhululukirana.

Ndawafunsa Bambo ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Kwa nthawi yoyamba sabata ino ayankhula zambiri. Pa ana omaliza a Dona patsala kamodzi, kakamuna, kakuda, koyera kumapazi. Anthu anayi akapempha, onse awakaniza. Akuti ndikuuzeni kuti ndi kanu, musachedwe, chifukwa galu akakula sazolowera mbuye watsopano. Akuti mudzabwere nokha kudzakatenga, osatuma munthu.

Ine ndawauza kuti mubwera. Chonde Achimwene, ndawanamiza kale kamodzi mwezi uno.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsirizira