Anditsekera Gasi M'nyumba ya a Thackray

Bradford, 14 Novembala

Okondedwa achemwali a Dailesi,

Landirani moni nonse ku Bawi. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga mwana wanga Ulemu sakukuvutitsani? Ine moyo ulipo, kungoti ndikulemba kalatayi nditavala majuzi awiri m'nyumba.

Lachitatu lapitalo masana ndikuphika tiyi, kaalamu kapakhoma kochenjeza za mpweya woipa kanayamba kulira osaleka. Kwa milungu iwiri mutu unkandiwawa ndikakhala pakhomo, ndikapita kuntchito n'kusiya, ine n'kumati ndi kutopa. Mayi Nasreen, amene tinagundana nawo nyumba, anandikokera panja akundikalipira kuti kodi ndikufuna kufera ketulo. Munthu wa gasi atafika anapima, n'kunena kuti boyila yotenthetsa nyumba ndi madzi ikutulutsa mpweya wakupha, uja wosanunkha. Anatseka gasi n'kumatapo chipepala choletsa kuyatsa. Kuchipatala anandiyeza magazi, akuti ndachita mwayi.

Munthu wa gasi uja anafunsa chikalata cha chaka chino. Paja mwininyumba amayenera kutumiza mmisiri wovomerezeka chaka chilichonse kudzayendera gasi, kenako n'kupereka chikalata chake kwa wochita lendi. Ndinafufuza m'kabati monse, ndinangopeza cha Epulo chaka chatha.

Ndinaimbira eni nyumba, a Thackray. Iwo akuti mmisiri anamutumiza kawiri mu Epulo, anagogoda popanda woyankha, ndiye mlandu ndi wanga. Achemwali, inu sindingakunamizeni. Timakhadi tiwiri timene mmisiriyo anasiya ndinatipezadi pansi pa chitseko. Inali nthawi ija antchito tinachepa kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndinkangobwera kudzasamba. Ndinamuimbira mmisiriyo kamodzi, sanayankhe, ndinasiya. A Thackray nawonso anangosiya, mpaka miyezi isanu ndi iwiri. Nditawakumbutsa kuti kiyi ali nayo, akanangondipempha kuti atsegule okha, anati iwo si mayi anga kuti azindithamangira pambuyo.

Ku khonsolo ndinapita. Mayi amene anandilandira anati udindo waukulu ndi wa eni nyumba, ndipo awalembera kalata. Koma anafunsanso ngati ndili ndi umboni woti ndinaimba foni ija. Ndilibe. Za tsiku limene gasi adzatsegulidwe anati sangalonjeze.

Loweruka a Thackray anabwera okha atanyamula kahita kamagetsi. Anaima pakhomo osalowa. Anati ali ndi zaka 74, mapepala awatopetsa, boyila ina saikamo, nyumba aigulitsa Khrisimasi ikangodutsa. Sanakalipe ngakhale pang'ono. Anandifunsanso ngati mutu unasiya. Ndinali nditakonzekera kukangana nawo, koma ndinangolandira kahitako n'kuthokoza.

Panopa ndimakasamba kwa Mayi Nasreen. Amandidyetsa chapati ndi mphodza, n'kumandiseka kuti andiwerengera pa ana awo, koma ndisayembekeze kuti andipezera mwamuna. Ndayamba kufunafuna nyumba ina ya lendi, ndipo ndaona zitatu. Ziwiri zinatengedwa ndisanafike, yachitatu eni ake safuna mwana.

Tsono pempho langa ndi ili. Mukudziwa kuti ndinamulonjeza Ulemu kuti Januwale adzayamba sukulu kuno. Chipinda chake ndinapaka kale penti yachikasu imene anasankha yekha pafoni. Koma pa mapepala ake omulola kubwera kuno pamafunika kuonetsa nyumba yoyenera kukhala mwana, ndipo ine sindikudziwa kumene ndidzakhale Febuluwale. Chonde musungenibe, ndipo mukauze ahedi kuti asamuchotse m'kaundula.

Zoti Januwale sabwera mumuuze ndinu, achemwali. Ine ndayesa kawiri. Akangoti, "Amama, kwatsala masabata angati?" ndimangoyamba kumufunsa za masamu. Za mpweya uja musamuuze, angachite mantha. Mungoti nyumba yavuta, ndipo si iye walakwa. Akafunsa kuti nanga liti, musamupatse tsiku, chifukwa ine ndilibe.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Chikaonda, kwa azakhali ndi ana onse. Tsiku limene mudzamuuze Ulemu, musamutume kutali.

Ndine mng'ono wanu,
Enelesi