Amake Yamikani

Lirangwe,
Blantyre.
19 Epulo, 1959.

Okondedwa achemwali anga a Christobel,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Bulawayo kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka. Phukusi lanu lija linafika, ndipo zikomo kwambiri chifukwa cha sopo, shuga ndi kajuzi kofiira kamene munalukira Yamikani. Luso lanu lija silinathe eti! Koma achemwali, kajuziko kanafika mochedwa. Khalani pansi kaye, musawerenge kalatayi chiimirire.

Za ana anga atatu oyamba mukuzidziwa. Palibe amene anatuluka m'chikuta wamoyo. Amayi achikulire ankapita kukawataya mwakachetechete monga mwa mwambo, opanda nyimbo, opanda dzina, ine nkumauzidwa kuti, "Usalire, ukalira utseka mimba." Ndinameza misozi katatu konse. Pamene ndinali woyembekezera kachinayi, bambo a kunyumba, a Justus, anakwera ndege ya Wenela pa Chileka kupita kumigodi ya ku Joni, ndipo mpaka lero ali zii, ngakhale kakalata.

Nthawi imeneyo mlaliki wathu, a Solomon, analalikira mawu amene anandilowa mpaka m'mafupa. Anati Mulungu akalonjeza sabweza mawu, ndipo wokhulupirira amathokoza mbewu ikadali m'manja, isanagwe n'komwe m'nthaka. Ine ndinati, basi, mawu amenewa ndi anga. Mwana atabadwa, mchombo utagwa, amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Edina, mwana wobwera pambuyo pa maliro satchedwa dzina lokoma," anatero amayi. "Mutche Lekani, kapena Manda, kuti imfa ikamudutsa inyansidwe naye."

"Ayi amayi," ndinayankha. "Uyu ndi Yamikani. Ndathokozeratu."

"Ukuitana maso, mwana iwe."

Inu mukundidziwa makani anga, kuyambira kale munkati Edina akagwira chinthu ndi nkhanu. Dzina linakhala lomwelo, ndipo anabatizidwa nalo.

Ha, achemwali, mukanamuona! Anakwawa, anaimirira, anayamba kuthamangitsa anapiye pabwalo, kamimba patsogolo. Ndege ikamadutsa kuchokera ku Chileka ankaloza kumwamba nkumati, "Tate! Tate!" chifukwa ndi mmene ndinamuuzira. Mudzi wonse unaiwala dzina langa, aliyense amake Yamikani, amake Yamikani. Pamasika a chaka chatha ndinasenza dengu la chimanga lodzaza tho kupita nalo kutchalitchi, ndikuimba kuposa aliyense. Ndinkati Mulungu wasunga mawu ake.

Mwezi wathawu kunagwa chikuku. Ana ambiri anadwala nkuchira, koma wanga zidzolo zinalowa m'kati, kupuma kunayamba kumveka ngati munthu akucheka thabwa. Ndinamubereka m'mawa kupita kumsewu kuti ndikwere basi ya ku Blantyre kuchipatala. Koma anali masiku a chipolowe cha Chitaganya aja, mwina munamva kumeneko. Basi kunalibe. Pankangodutsa malole a asilikali, ine nkumakweza dzanja, iwo osatembenuka. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndikupemphera kuti, "Ambuye, ndinakuthokozani kale, musandichititse manyazi." Dzuwa litafika pamutu ndinamva kumsana kuti mwana walemera mwa mtundu wina. Kupuma kuja kunali kutaleka.

Mukudziwa kuti mayi salira panjira. Ndinamufunditsa nsalu kumutu nkuyamba ulendo wobwerera. Amayi ena ali m'minda ankandifunsa, "Amake Yamikani, mwana ali bwanji?" Ine nkumati, "Wagona."

Tsono imvani chimene chandilembetsa kalatayi. A Solomon kunalibe, asilikali anali atawatenga pamodzi ndi amuna ena. Mpingo unatumiza a Wilkins, mkulu wa mpingo wochokera kutsidya kwa mtsinje, munthu wabwino ndithu, koma sankatidziwa, ndipo dzina la mwana palibe anakumbuka kuwauza. Amuna atanyamula kabokosi ka maliro pakhomo, misozi ya ana anayi inatulukira kamodzi. Ndinagwa pansi ndikukuwa, "Yamikani! Yamikani! Mayo ine, Yamikani!" Njira yonse mfuu wanga unali womwewo.

Mwambo usanathe, a Wilkins anakweza dzanja, maso awo ali ndi misozi, nkunena kuti, "Abale, ine ndayenda m'maliro ambiri, koma chikhulupiriro chotere sindinachione. Mayi uyu mwana wake ali m'bokosi, koma iye akutilamula kuti tiyamike! Nanga ife ndife yani kuti tikhale chete?" Pompo anayambitsa nyimbo yotamanda, pamaliro a mwana, ndipo anthu anapolokezana nawo. Apamudzi ankadziwa kuti abambowa aphonya, koma ndani angadule mkulu wa mpingo pakamwa anthu ali khamu? Onse anangowerama nkumaimba.

Nkhaniyi yafika kutali, mpaka ku Chileka ndi ku Madziabango. Akuti ku Lirangwe kuli mayi wotamanda Mulungu pamaliro a mwana wake. Ngakhale amene akudziwa zoona ayamba kuikonda nkhaniyo momwe ilirimo. Dzana kunabwera amayi a Mvano kudzandipempha kuti Lachinayi ndikalimbikitse anzanga ofedwa. Ine? Ndikawauze chiyani? Achemwali, kwa inu sindingabise. Sindinkatamanda ayi. Ndinkaitana mwana wanga kuti adzuke.

Lero ndi la Sabata, belu lalira, ine sindinapite. Mtima wanga wauma gwa. Sindikunena kuti Mulungu ananama, pakamwa panga sipangatuluke zotero, ndimamuopa. Mwina lonjezo lija silinali langa, ndinangolitola panjira ngati nkhuni za eni ake. Mwina lidzakwaniritsidwa kumene maso angawa sadzaona. Sindikudziwa, ndipo ndatopa nako kuganiza. Ndinkayembekezera kuti amayi anena kuti "ndinakuuza", mwina ndikanapeza wokangana naye. Koma iwo anangondigwira dzanja nkunena kuti, "Dzina linali labwino, mwananga." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kunditukwana.

Ndafufuza m'mtima monse chimene ndingathokoze, ndapeza chimodzi chokha, ndipo n'chowawa. Uyu sanatayidwe mwakachetechete. Ali ndi manda ake, ali ndi dzina, ndipo ndinamulira mokweza mudzi wonse ukumva. Ngati kumeneko ndi kuyamika, ndiye ndayamika. Ndikagwada kuti ndipemphere, mawu ena onse amathawa, limatsala dzina lomwelo, ndipo ndimangolibwereza. Mwini wake kumwambako asankhe yekha chimene wamva, kaya kulira, kaya kutamanda. Ine sindingathenso kuzilekanitsa.

Ndili ndi mapempho awiri. Alamu akakumana ndi amuna ochokera ku Joni, afunseko za a Justus. Akapezeka, awauze kuti anali ndi mwana wamwamuna amene ankawaloza kumwamba. Za kajuzi, musandiuze kuti ndisungire wina wobwera. Ndiloleni ndingokhala nako.

Amayi akupereka moni, miyendo ikuwavutabe. Amalume akuti chimanga chaka chino chachita bwino, ngakhale ine sindinapondemo m'munda. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana anu, Flossie ndi Leah, anawo muwakumbatire kwambiri, musawakalipire lero ngakhale alakwe. Kale pamalo pano ndinkalemba moni wa munthu wina, ndikumugwiritsa pensulo kuti akhwatche yekha. Ndasiyapo mpata.

Chotsiriza, achemwali. Anthu kuno ayambanso kunditchula kuti Edina, akuti asanditsegule bala. Sakudziwa kuti akundilanda chotsala changa. Inu poyankha musatero, chonde.

Ndine mng'ono wanu,
Make Yamikani.