Marozi a Dona Afunda Udzu

Lachinayi, 16 Okutobala 1913, Chiromo.

Kwatentha mpaka nkhuku zikungoyasama. Marozi oyanga amene Dona wa bwana wathu anaitanitsa kuchokera kwawo kozizira akufota pakhonde. Buku la Dona la zamaluwa likuti mu Okutobala afunditsidwe udzu kuopa chisanu. Ine, ndi sukulu yanga yonseyi, ndamasulira zimenezo kwa a Zuze, mkulu wosamalira maluwa.

"A kalaliki, chisanu chake chiti?" andifunsa, thukuta lili kamukamu. "Auzeni Dona kuti maroziwa akufuna mthunzi ndi madzi."

Ndawauza. Dona angogogoda bukulo ndi chala, ati marozi akafa, a Zuze ntchito yatha.

Madzulo ndawapeza a Zuze akufunditsa maroziwo udzu mwaulemu ngati akuika maliro. Andipempha ndifufuze m'bukumo tsamba lonena za dzuwa. Ndafufuza kawiri, mulibe. Mawa adzandifunsa.