Chulu pa khoma la damu

Lolemba, 2 Disembala
Anene amene anaonapo munthu akuweta chiswe pa khoma losunga madzi. Ine ndamuona, ndi mlongo wanga wamng'ono Edwell. Damu anatisiyira atate, ladothi lokhalokha, lomanga atapuma ntchito ku njanji. Tikumwa momwemo, tikuthirira momwemo. Manje chulu chamera pakati penipeni pa khoma, chafika m'chiuno. Nyumba yake ili kumtunda. Yanga pansi pa khoma.

Lachinayi, 5 Disembala
Mvula yoyamba yeniyeni. Inswa zatuluka. Mlamu Cynthia, mkazi wake, wadzaza ndowa ziwiri, mawa kukagulitsa ku Katondo. Ndati chuluchi tikumbe madzi asanakwere. Akuti, “Alamu, munthu amakumba ndiwo?” Edwell kuseka chabe. Ndamunena chitsiru pamaso pa ana ake. Sindibweza.

Lamulungu, 8 Disembala
Cynthia watumiza mbale ya inswa zokazinga. Ndinafuna kubweza. Ndadya zonse, zinali ndi mchere wabwino. Msana ukuwawa. Rephu yanga kudimba yagwidwa ndi nsabwe. Kutchalitchi sindinapite.

Lachitatu, 18 Disembala
Mvula sikukata. Damu ladzaza mpaka pa mwala umene atate anaika ngati malire a madzi. Kuseri kwa khoma, kunsi kwa chulu, pakutuluka madzi, pang'ono ngati thukuta. Oyera. Atate ankati oyera asakuopse, ukaona ofiira ndiye kuti khoma likudyeka m'kati. Ndauza Edwell titsegule paipi ya pansi, madzi atsike. Akuti, “Asisi, mwaiwala chilala? Dontho silichoka, tomato wanga wa Juni amwa chiyani?” Chilala sindinaiwale. Ndatopa chabe kukuwa.

Lachisanu, 20 Disembala
Ofiira.
Ndatunga m'kapu, matope akhala pansi. Ndamutengera Edwell kapuyo kunyumba kwake. Wayang'ana, wathira pa maluwa a Cynthia. Ndathamanga kukatsegula paipi ndekha, sipanala yotsegulira palibe pa msomali. Watenga. Ndayesa ndi pulayala, ndang'amba chala.

Adzukulu ndawakweza minibasi, akagone kwa mayi wawo ku Nakoli. Mabulangete ndi mbewu ndakweza pa denga la khola. Kumwamba kwadanso.

Chulu sichikumbika tsopano, madzi ali pakhosi. Chotsala ndi paipi basi. Tomato adzamwa zotsala, inswa akagule ku msika ngati anzake. Ndikupita kukakhala pakhomo pake, alendo akhalepo asakhalepo. Edwell, bweza sipanala ya atate. Lero, mvula isanayambe.