Nyumba ya Kumapeto kwa Mawaya

Kufamu kwa a Tollefson,
Montana.
21 Juni, 1994.

Okondedwa achimwene a Arlen,

Ndikhulupirira muli bwino ku Seattle kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo. Mvula yagwa kawiri, tirigu wadzuka, ndipo ababa akudya bwino, ngakhale dzanja lamanja lija likadali lakufa.

Munamva kale kuti chimphepo cha mu Malichi chinagwetsa mapolo onse a magetsi kuyambira pamlatho mpaka kwathu kuno, mamailosi khumi ndi anayi. Kuyambira pamenepo tikudalira jenereta yobwereka ku kopaletivi yathu ya magetsi. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti a komiti anaona kuti n'zolemetsa kudzutsa mawaya onsewo chifukwa cha nyumba imodzi, poti anzathu onse a msewu uno anasamuka. Anati atipezera nyumba m'tauni, koma nkhaniyo aigamule eni ake, mamembala, pamsonkhano wa pachaka.

Msonkhanowo unali Loweruka, muholo ya pasukulu. Ababa anati ndiwaveke jekete ya kutchalitchi. Anthu atadya nyama ndi mbatatesi, Dale, wapampando wathu, anayamba kuwerenga ganizo lija. Asanamalize n'komwe, mayi Gudrun Moe, aja anatiphunzitsa kuwerenga, anaimirira ndi ndodo yawo.

"Iwe Dale, takhala pansi," anatero. "Unabadwira pansi pa babu la magetsi, n'chifukwa chake pakamwa pakupepuka. Mu 1948 kampani yaikulu ya magetsi inatikana, inati ndife ochepa, otalikirana. Bambo ali pachikuku awa ndiwo anayenda pa hatchi khomo ndi khomo kulembetsa anthu. Amuna ankakumba maenje, ife tikuwaphikira. Tinapangana kuti wa kumapeto kwa mawaya ndi wa kumayambiriro n'chimodzimodzi. Ndiye lero mudule, n'kuyambira kwa iwowa?"

Wina anakuwa kumbuyo kuti, "Ukadula kwa a Tollefson, Dale, ife tikadula kwa apongozi ako!"

"Kwa amenewo pitani lero lomwe!" anatero Dale, holo yonse n'kufa nacho chiseko. Ababa ankaseka uku misozi ikutsika.

Kenaka tinavota pa timapepala, mwachinsinsi, membala mmodzi voti imodzi, monga mwa nthawi zonse. Mukudziwa kuti chidwalireni ababa umembala wa nyumba ino uli m'dzina langa. Atawerenga, anthu 286 anati mawaya adzutsidwe. Wokana anali mmodzi.

Pobwerera, m'galimoto, ababa sanakambe za 286 aja ayi. "Marlys, mmodziyo ndani?" anandifunsa. "Ndi mwana wa Kessler uja, ndithu. Agogo ake anandithamangitsa ndi agalu nthawi ija ndinkalembetsa anthu. Mtundu umenewo sumasintha."

Achimwene, mmodziyo ndine.

Sindinauze munthu aliyense, ndipo polemba pano cholembera chikundilemera. Musandione ngati ndatopa nawo ababa. Ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa ndi mtima wonse. Koma ndili ndi zaka 53, ndipo khumi ndi chimodzi mwa zimenezi zathera pakati pa khitchini ndi chipinda chawo. Anamwino amakana kubwera kuno chifukwa cha kutalika. Tikanakhala m'tauni bwenzi akubwera, ine n'kumapumako masiku awiri kapena atatu.

Pali china. Mukuwakumbukira a Duane Rustad, aja ankakonza mathirakitala? Anasamukira ku Billings akazi awo atamwalira. Andifunsira kawiri. Ababa sangachoke pano pokhapokha magetsi atachoka, ndiye ndinawauza a Duane kuti adikire msonkhano. Lamulungu ndinawaimbira foni. Anati, "Ndawakondwerera abambo ako." Kenaka anafunsa ngati kuno kwagwa mvula.

Dzulo malole abweretsa mapolo oyamba. Amuna oposa makumi awiri alembetsa kudzathandiza ulere, ena ochokera kutsidya kwa mtsinje amene sindikuwadziwa n'komwe. Azimayi akubwera ndi makeke, kundikumbatira, amvekere, "Usade nkhawa, Marlys, sitingakusiyeni. Pano simudzachoka." Ine ndimathokoza. Ndingatani? Akunena zoona, ndipo akunena mwachikondi. Chimene ababa anamanga n'chabwino, achimwene, ndachiona ndi maso anga muholo muja. Kungoti ubwino wake wanditsekera pakhomo.

Chikundidya kwambiri ndi cha Todd Kessler. Mawu a ababa aja afalikira. Lolemba ndinamupeza kusitolo ya mbewu, anthu atamutembenukira misana. Anandiyandikira chipewa chili m'manja.

"Mayi Tollefson, si ine, ndikulumbira. Ndalembetsa kudzakumba nawo maenje."

Ndinangoti, "Ndikudziwa, Todd." Iye anathokoza, poganiza kuti ndikumukomera mtima. Mnyamatayo ali ndi mkazi ndi khanda, ndipo wasenza katundu wanga. Ndikayankhula, ababa amva tsiku lomwelo, ndipo sindikudziwa ngati mtima wawo ungapirire. Ndikakhala chete, Todd azingodedwa. Inu mukanatani?

Ndili ndi pempho limodzi. Akuti adzayatsa magetsi pa 6 Ogasiti, ndipo akufuna kuti ababa adzadine okha batani loyatsira. Bwerani. Ngati kuntchito angakuloleni, mudzakhaleko sabata ziwiri, kuti ine ndikafike ku Billings, ngati kudzakhale kukadali wondidikira.

Mundiperekere moni kwa alamu a Joanne ndi ana onse. Mayi Moe akuti mukadali ndi mlandu wa zenera la m'kalasi lija. Ababa akupereka moni wambiri. Ali pakhonde pano, akuyang'ana mulu wa mapolo, ndipo akuti ndikufunseni ngati inu mukumuganizira munthu wina kupatula Kessler. Poyankha mulembe makalata awiri. Ina ikhale yoti ndiwawerengere mokweza.

Ndine mlongo wanu,
Marlys.